Musanatumize kakanema ka pulofesa pa gulu, onani kaye zomwe amaphunzitsa

Anzanga, tikamaonera nkhani pa Zodiak, Times kaya MBC, akangolemba pansi pa sikirini kuti Professor, ambirife timangomeza zonse osatafuna. Chonde musanatumize kakanemako pa gulu la WhatsApp chitani izi, sizidya bandulo yambiri.

Jambulani sikirini pomwe dzina lawo likuoneka. Lembani dzinalo pa Google limodzi ndi yunivesite yawo muone dipatimenti yomwe ali, kenako lowani pa Google Scholar, tsamba la Google losakira kafukufuku, muone kafukufuku amene analemba, simukusowa kuwerenga zonse ayi, mitu yokha ikuuzani kuti munthuyu amadziwa chani.

Dzina la sukulu limathandizako pang'ono. KUHeS ndi zaumoyo, LUANAR zaulimi, MUBAS uinjiniya ndi bizinesi, malamulo ali ku Unima ku Zomba. Koma dipatimenti ndiye imanena zoona, poti ku LUANAR kulinso akatswiri a zachuma chaulimi.

Zimathandiza chifukwa upulofesa munthu amaupeza pa gawo limodzi basi. Muja kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa zachuma ndi amene akanakufotokozerani bwino za madola ndi mtengo wa feteleza, pomwe dokotala wa mafupa akayankhula zomwezo ndi maganizo ake ngati nzika, ufulu ali nawo, koma musagulitse chimanga chanu msanga chifukwa cha mawu awo.

Komanso pa nyuzi amadula kwambiri, ndiye sakani zokambirana zonse pa tsamba la Facebook la wailesi ya kanemayo mumve zomwe anafunsidwa.