Mukasiya nyama, musaiwale B12

Inu amene mwasiya nyama pofuna thanzi, chonde mvetsani: kusiya kokhako sikokwanira. Ngakhale soseji ya soya yoika m'buledi (hot dog) imakhala ndi mchere wambiri, muziwerenga papaketi.

Nyemba, khobwe, nandolo ndi chisoso chotendera nsinjiro n'zabwino ndithu, koma vitamini B12 mulibe. Imeneyi imapezeka m'mazira, mkaka ndi nsomba. Ngati izinso mwasiya, kafunseni mapiritsi kuchipatala, chifukwa ikasowa magazi amachepa, manja ndi mapazi n'kumachita dzanzi. Zimayamba mwakachetechete, n'chifukwa chake zimandidetsa nkhawa.

Tiyinso musamwere pa nsima, amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba, yemwe amathandiza kupanga magazi. Finyirani ndimu pa bonongwe kuti ayironi alowe bwino m'thupi, tiyiyo adikire ola limodzi.