Momwe mungafufuzire amene amathira ndalama m'kampeni ya phungu wa ku America: tiphunzirire pa Mitch McConnell

Alimi a fodya wa bale ku Kasungu ndi ku Dowa ali ndi anzawo kutali uko, m'chigawo cha Kentucky ku America, kumene fodya wa mtundu womwewu akhala akumulima kuyambira nthawi ya agogo awo. Anthu a ku Kentucky amenewa akhala akuvotera munthu mmodzi yemweyo kuyambira 1984 kuti akawayimire ku Senate, nyumba yaikulu mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo. Munthuyo ndi Mitch McConnell wa chipani cha Republican, chipani cha anthu okonda misonkho yochepa, boma losalowerera kwambiri pa malonda komanso kusunga miyambo yakale. Ndamusankha dala, chifukwa McConnell sanabisepo maganizo ake pa ndalama za ndale. Iye amati kuthira ndalama m'kampeni ndi mbali ya ufulu wolankhula, ndipo anakafika mpaka kukhoti kulimbana ndi lamulo lofuna kuzichepetsa.

Zonse zimene ndifotokoze pano mukhoza kuzichita muli ku Mchinji kapena ku Johannesburg, bola foni ndi bandulo yokwanira. Mawebusayiti ake ndi aulere.

Yambani ndi mbiri ya munthuyo, ndalama zibwere pambuyo

Tengani kope, mulembe zaka motsika m'mphepete mwa tsamba. Popanda zaka zimenezi manambala amene mukakumane nawo akangokuzunguzani mutu. Webusayiti ya Congress.gov ili ndi tsamba la phungu aliyense, losonyeza zaka zimene wakhala m'nyumbayo ndi mabilu amene anabweretsa, ndipo ya Senate.gov imasunga momwe seneta aliyense anavotera.

Za McConnell mulemba motere. Anabadwa mu 1942 ku Alabama, anadwala poliyo ali ndi zaka ziwiri, anaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Kentucky. Mu 1977 anasankhidwa kukhala mkulu woyendetsa boma la Jefferson County, kumene kuli mzinda wa Louisville. Mu 1984 anagwetsa seneta wa chipani cha Democratic, Walter Huddleston, ndi mavoti pafupifupi 5,000 okha. Chimene anthu amakumbukira pa kampeni imeneyo ndi kanema wa pa TV wosonyeza agalu osaka akununkhiza uku ndi uku kufunafuna Huddleston, kunena kuti mkuluyo amajomba kuntchito n'kumakalankhula m'misonkhano yomulipira. Kanemayo anakonza ndi Roger Ailes, amene pambuyo pake anadzatsogolera wailesi ya kanema ya Fox News. Kuulutsa kanema wotere pa TV kumadya ndalama zambiri, ndipo McConnell anaiona mphamvu ya ndalamazo akungoyamba kumene.

Kuchokera 1997 mpaka 2001 ankatsogolera komiti ya chipani chake yosonkhetsa ndalama za zisankho za maseneta. Mu 2007 anakhala mtsogoleri wa maseneta a Republican ndipo anausiya udindowo mu Januwale 2025, atakhalapo nthawi yaitali kuposa mtsogoleri wina aliyense wa chipani m'mbiri ya Senate. Anamulowa m'malo ndi John Thune. Mu Febuluwale 2025 analengeza kuti sadzapikisananso mu 2026.

Tsegulani mabuku a FEC

Bungwe la Federal Election Commission, mwachidule FEC, linayamba ntchito mu 1975, dziko litagwedezeka ndi nkhani ya Watergate, chinyengo cha ndale chimene chinachititsa pulezidenti Richard Nixon kutula pansi udindo. Aliyense wopikisana pa mpando wa pulezidenti, seneta kapena phungu wa nyumba yaing'ono amapereka malipoti a ndalama ku bungweli. Lowani pa fec.gov, dinani polembedwa Campaign finance data, mulembe dzina la munthuyo. Musanawerenge kanthu, sankhani chaka cha chisankho. Seneta amakhala pampando zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye ndalama za chisankho cha 2020 zinayamba kusonkhanitsidwa kale mu 2015. Mukangoyang'ana chaka chomaliza chokha muona mchira basi.

Patsambapo mupeza ndalama zonse zolowa, zotuluka, zotsala m'manja ndi ngongole. Lipoti lenileni limatchedwa Form 3. Gawo lake la Schedule A ndilo la amene anapereka, ndipo Schedule B ndi la kumene ndalama zinapita. Munthu aliyense amene zopereka zake zapitirira madola 200 amalembedwa dzina, kumene amakhala, ntchito yake ndi kampani imene amagwirako. Malipoti a miyezi itatu itatu amaperekedwa pa 15 Epulo, 15 Julaye, 15 Okotobala ndi 31 Januwale.

Pali malire amene muyenera kuwadziwa kuti muzindikire zimene mukuona. Mu 2023 ndi 2024 munthu mmodzi ankaloledwa kupereka madola 3,300 kwa wopikisana pa chisankho chimodzi, ndipo mu 2025 ndi 2026 malirewo anakwera kufika pa 3,500. Chisankho cha chipulula chimawerengedwa pachokha, chisankho chachikulu pachokhanso, choncho mukaona dzina limodzi kawiri tsiku limodzi musathamangire kunena kuti mwagwira wakuba. Kampani siloledwa kutapa m'thumba lake n'kupatsa wopikisana mwachindunji. Imene imapereka ndi komiti ya kampaniyo yotchedwa PAC, yosonkhetsa kwa antchito ake akuluakulu, ndipo malire ake ndi madola 5,000 pa chisankho. Abale athu amene ali ku America amvetsetse apa: munthu amene si nzika ya dzikolo ndipo alibe green card, chiphaso chokhazikika m'dzikolo, saloledwa kupereka ngakhale dola imodzi.

Chenjezo la bandulo. Tsiku lina ndinadina kuti nditsitse mndandanda wonse wa opereka pa foni, osasefa kanthu. Bandulo inatha fayilo ili pakati, ndipo kachidutswa kamene kanatsikako foni inakana kukatsegula. Sefani kaye: sankhani miyezi, kapena chigawo, kapena lembani dzina la kampani m'bokosi la owalemba ntchito, kenako mutsitse pa kompyuta. Malipoti akale a maseneta amavutanso kuwerenga, chifukwa mpaka 2018 maseneta ankapereka awo papepala, ndiye ena mwa iwo ndi zithunzi chabe za mapepalawo.

Thumba la kampeni si lokhalo

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Amaona thumba lokhala ndi dzina la phunguyo n'kuganiza kuti amaliza. Phungu wamkulu amakhala ndi matumba angapo omuzungulira, ena ake enieni, ena a anzake.

Loyamba ndi thumba la utsogoleri. La McConnell limatchedwa Bluegrass Committee. Ndalama za m'menemu sizoti achitire kampeni yake, ndi zothandizira anzake a chipani amene akupikisana kwina. Lifufuzeni pa FEC pomwepo, muwerenge Schedule B, muone maseneta amene analandira. Amene wathandizidwa pa nthawi ya chisankho saiwala tsiku losankha mtsogoleri likafika, ndipo kwa ine mndandanda umenewu umafotokoza zambiri za momwe munthu amakhalira mtsogoleri zaka 18.

Lachiwiri ndi lalikulu kwambiri, ndipo kuti mulimvetse bwererani ku zaka zija munalemba m'kope. Mu 2002 Congress, ndiye kuti nyumba ziwiri za malamulo zija, inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi mayina a maseneta John McCain ndi Russ Feingold, loletsa zipani kulandira ndalama zopanda malire. McConnell anakasuma, ndipo mlanduwo uli ndi dzina lake: McConnell v. FEC. Mu Disembala 2003 khoti lalikulu koposa la Supreme linagamula, majaji asanu kwa anayi, kuti mbali zikuluzikulu za lamulolo zikhale. Anagonja. Koma mu Januwale 2010, majaji ena atasintha, khoti lomwelo pa mlandu wa Citizens United linati makampani ndi mabungwe a antchito akhoza kuwononga ndalama zilizonse pa ndale, bola asagwirizane ndi wopikisanayo. Chigamulo china cha chaka chomwecho, pa mlandu wa SpeechNow, chinatsegula khomo la matumba otchedwa super PAC, amene amalandira ndalama zopanda malire.

Mu 2015 anthu oyandikana ndi McConnell anayambitsa super PAC yotchedwa Senate Leadership Fund, ndipo kwa zaka zambiri ankaiyendetsa ndi Steven Law, amene kale anali mkulu wa antchito mu ofesi ya McConnell. Mwalamulo thumbali si la McConnell ndipo sililoledwa kupangana ndi opikisana za momwe liwonongere ndalama. Lembani dzina lake pa FEC. Muona munthu mmodzi akupereka madola mamiliyoni pa cheke chimodzi, pamene ku thumba la kampeni akanaima pa zikwi zitatu ndi kanthu. Gawo la Schedule E limasonyeza mauthenga amene thumbali linalipira, tsiku lake, ndiponso ngati anali otamanda kapena onyoza wopikisana. Mukawawerenga mudzipezera nokha kuti onyoza ndi ochuluka bwanji.

Mukatsika mndandanda wa opereka ku Senate Leadership Fund mukumana ndi dzina lakuti One Nation. Pamenepo njira yatsekeka. One Nation ndi bungwe lolembetsedwa pansi pa gawo la lamulo la misonkho lotchedwa 501(c)(4), ndipo mabungwe otere sakakamizidwa kuulula amene amawapatsa ndalama. Chimene mungapeze ndi fomu yawo ya msonkho, Form 990, imene webusayiti ya ProPublica imaika poyera, koma imatuluka mochedwa ndipo mayina a opereka mulibe. A Democratic nawo ali ndi zawo zofanana ndi zimenezi, Senate Majority PAC ndi Majority Forward, ndiye musaganize kuti ndi matenda a chipani chimodzi.

OpenSecrets ikuthandizeni, koma muiwerenge mwanzeru

Webusayiti ya opensecrets.org imatenga manambala a FEC n'kuwasanja m'magulu: a mabanki, a mankhwala, a mafuta, a fodya, maloya, opuma ntchito. Imapulumutsa nthawi. Msampha wake ndi uwu: mukaona dzina la kampani ndi chiwerengero pambali pake, ndalamazo ndi zophatikiza za PAC ya kampaniyo, za antchito ake ndi za mabanja awo. Musalembe kuti kampani yakutiyakuti inapatsa seneta ndalama zakuti. Lembani monga zilili, kuti ndi anthu ogwira ntchito pa kampaniyo pamodzi ndi PAC yake.

Onaninso chuma cha iye mwini

Pa efdsearch.senate.gov seneta aliyense amaulula chaka ndi chaka katundu wake ndi wa mkazi kapena mwamuna wake, ngongole ndi mphatso. Samalemba chiwerengero chenicheni, amangosankha pakati pa malire awiri. Chitsanzo chake ndi mphatso imene McConnell ndi mkazi wake Elaine Chao analandira mu 2008 kuchokera kwa bambo ake a Chao, imene inalembedwa kuti inali pakati pa madola 5 miliyoni ndi 25 miliyoni. Chao anakhalapo nduna ya zantchito nthawi ya George W. Bush ndi nduna ya zamtengatenga nthawi yoyamba ya Donald Trump.

Ikani ndalama pafupi ndi zochita zake

Tsopano bwererani ku kope lija. Mbali imodzi zaka ndi zochita, mbali inayo amene anapereka. Fodya ndi poyambira pabwino. Mu 2004 McConnell anali mmodzi mwa amene anakankha lamulo lothetsa dongosolo la makota a fodya limene linalipo kuyambira m'ma 1930, ndipo alimi ndi eni makota analipidwa madola pafupifupi 10 biliyoni m'zaka khumi, ndalama zochokera ku makampani a fodya. Yunivesite ya California ku San Francisco imasunga pa intaneti makalata amkati a makampani amenewa, amene anatuluka kudzera m'milandu ya kukhoti, ndipo mukhoza kulembamo dzina la phungu aliyense n'kuona pamene akutchulidwa. Koma McConnell yemweyo mu 2019 anagwirizana ndi Tim Kaine wa Democratic kubweretsa bilu yokweza zaka zogulira fodya kufika pa 21, ndipo mu 2018 anakankha zoti chamba cha mafakitale chiloledwe, pofuna kupezera alimi a kwawo mbewu ina. Ife kuno ku Malawi tinalolanso chamba cha mafakitale mu 2020.

Kodi seneta wa chigawo cha fodya amateteza fodya chifukwa makampani amupatsa ndalama, kapena makampani amamupatsa ndalama chifukwa anali kale woteteza alimi amene amamuvotera? Manambala a FEC sayankha funso limeneli. Amakuuzani amene anapereka, zingati, tsiku liti. Mawu akuti katangale ndi mlandu, ndipo mukawalemba popanda umboni wina mwadziputira nokha. Ndalama sizipambananso nthawi zonse. Mu 2020 Amy McGrath wa Democratic anasonkhanitsa madola oposa 90 miliyoni, kuposa McConnell, zambiri zochokera kunja kwa Kentucky, koma anagonja ndi kusiyana kwa mavoti pafupifupi 20 pa 100 aliwonse.

Kwathu kuno lamulo la zipani la 2018 limati chipani chiziulula kwa mlembi wa zipani chopereka cha munthu chofika K1 miliyoni ndi cha bungwe chofika K2 miliyoni. Mtolankhani amene wazolowera kuwerenga Schedule A adziwa zoti akafunse ku ofesi imeneyo: dzina, tsiku, chiwerengero, ndiponso ngati zinali ndalama kapena katundu monga galimoto ndi nsalu.

Zinthu ziwiri musanasindikize. Lamulo la ku America limaletsa kutenga mayina a opereka pa FEC n'kuwagwiritsa ntchito popempha ndalama kapena potsatsa malonda, ndipo munthu wamba amene anapereka madola 250 alibe chifukwa chotulukira m'nkhani yanu. Chachiwiri, makomiti oyendetsa matumba amenewa amabweranso kudzakonza malipoti awo, nthawi zina patapita miyezi, ndiye chiwerengero chimene mwaona lero chikhoza kusintha. Jambulani tsambalo, sungani fayilo, ndipo pa dzina lake mulembepo tsiku limene mwaitsitsa.