Kusamalira Nkhumbu Zong'aluka Pakhomo Pamene Mukuyamwitsa

Amayi ambiri amang'aluka nkhumbu m'masiku oyambirira atangochira, nthawi zina asanatuluke n'komwe chikuta, ndipo ululu wake umafika poti mayi amachita mantha akangomva khanda likulira njala. Ena amagonja n'kuyamba kumwetsa mwana madzi kapena kumupatsa phala, chonsecho mwana amayenera kuyamwa mwakathithi kwa miyezi 6. Zambiri zothandiza zili pakhomo panu pomwepo, koma palibe chopaka chimene chingapoletse bala ngati mwana akupitiriza kulikhula nthawi iliyonse imene akuyamwa. Choncho chithandizo chimayambira pa kagwiridwe ka bere.

Khalani motsamira bwino, ndipo mumugwire mwana mimba yake itakhudza thupi lanu, mutu ndi thupi lake zili mowongoka, mphuno yake itayang'anizana ndi nkhumbu. Khudzitsani nkhumbu pamlomo wake wam'mwamba, mudikire mpaka atsegule pakamwa kwambiri ngati akuyasamula, kenako mum'bweretse kubere mwachangu m'malo moti inu muwerame kumutsatira. Mwana akagwira bwino, chibwano chake chimakhudza bere, mlomo wam'munsi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda yozungulira nkhumbu imaoneka yambiri pamwamba pa kamwa yake kusiyana ndi pansi. Pochirikiza bere, chala chachikulu chikhale pamwamba, zinazo pansi, patali ndi nkhumbu, chifukwa kupana bere ndi zala ziwiri pafupi ndi nsonga kumalepheretsa mwana kulowetsa bere lokwanira m'kamwa. Akamaliza, yang'anani nkhumbuyo: ikatuluka yobulungira ndiye kuti zili bwino, koma ikatuluka yophwatalala, yokhala ndi kamzere kotuwa pansonga, dziwani kuti inapanika pakati pa lilime ndi chibwano cham'mwamba. Mukamva kuwawa mwana ali pabere, musamukoke. Lowetsani chala chaching'ono chosambidwa bwino pakona ya kamwa yake kuti asiye yekha, kenako muyambirenso.

Cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi mabere amadzaza n'kulimba, ndipo mwana amalephera kugwira malo olimbawo, n'kumangoluma nsonga. Finyani mkaka pang'ono musanamuike kubere kuti mbali yakuda ija ifewe. Yambani ndi bere limene silikupweteka kwambiri, popeza mwana amayamwa mwamphamvu zedi poyamba, ndipo muzimuyamwitsa akangoyamba kuyamwa zala kapena kutembenuza mutu kufunafuna bere, asanafike polira. Kusinthasintha kakhalidwe, monga kugona chammbali kapena kumupatira m'khwapa miyendo yake italoza kumbuyo kwanu, kumathandiza kuti malo amodzimodzi asamakhulike.

Chopaka choyamba ndi mkaka wanu womwe. Mwana akamaliza kuyamwa, sambani m'manja, finyani madontho awiri kapena atatu, muwapake mofatsa pankhumbu n'kuwasiya aume musanavale. Mkaka wa m'mabere uli ndi zinthu zolimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, sufuna ndalama, ndipo palibe chifukwa choupukutira mwana asanayamwenso. Akatswiri a Cochrane, bungwe loona za kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2014, anapeza kuti kupaka mkaka, kapena kusapaka chilichonse, kungathandize mofanana kapena kuposa mafuta ogula a lanolin (ochokera ku ubweya wa nkhosa), komanso kuti kwa amayi ambiri ululu unkachepa pofika masiku 7 mpaka 10 atachira. Ngati mwagula kale lanolin woyengedwa wopangira amayi oyamwitsa, mukhoza kumapaka pang'ono, koma amene alibe asadandaule nazo.

Madzi ofunda nawonso amatonthoza. Viikani kansalu koyera m'madzi owiritsa amene azizira mpaka kufika pofunda chabe, mukafinye, mukaike pankhumbu kwa mphindi zochepa, kenako muumitse mochita kugundagunda, osati mokhula. Ngati pali bala looneka, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu imodzi ya madzi owiritsa, pafupifupi mamililita 250, muviikemo nkhumbu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mwana atamaliza kuyamwa, ndipo mutsukuluze ndi madzi wamba. Musachulutse mchere poganiza kuti bala lipola msanga, chifukwa limangonyerenyetsa n'kuuma mopitirira. Madzi amenewa muzikonza atsopano tsiku lililonse.

Pali zina zimene anthu amalangiza ndi mtima wabwino koma zosayenera, ndipo muyeso wake ndi wakuti chilichonse chimene chapakidwa pankhumbu chimathera m'kamwa mwa mwana. Uchi umatchuka pochiza mabala, koma mwana wosakwana chaka sayenera kuulawa ngakhale pang'ono, chifukwa ungakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa ofooketsa thupi otchedwa botulism. Madzi a alovera amawawa ndipo angamutsegule m'mimba. Phulusa, dothi, masamba osinja ndi ufa wa mizu zingalowetse tizilombo pabala. Sipiriti, mafuta onunkhira komanso kukhula nkhumbu ndi sopo zimachotsa mafuta achilengedwe amene timatuza ta pambali yakuda timatulutsa pofuna kuteteza khungu. Sikofunika kutsuka bere nthawi iliyonse musanayamwitse. Kusamba kwa tsiku ndi tsiku n'kokwanira. Agogo kapena apongozi akabwera ndi mankhwala awo, athokozeni mwaulemu, koma muwauze kuti mukufuna muyambe mwafunsa azamba.

Nkhumbu zisakhale pachinyezi. Valani kamisolo yathonje yosathina, sinthani kansalu kotchingira mkaka kakangonyowa, ndipo ngati kamatirira pabala, kanyowetseni ndi madzi ofunda musanakamatule. Ululu ukakula kwambiri moti simungathe kuika mwana kubere limenelo, lipumitseni kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma muzilifinya ndi manja nthawi iliyonse imene mwana akanayamwa kuti lisatupe komanso mkaka usachepe. Mkakawo mum'mwetse ndi kakapu koyera m'malo mwa botolo, ndipo ngati mulibe firiji, usapitirire maola 4 uli pamalo ozizira, wovundikira. Mapiritsi a panado saletsedwa kwa mayi woyamwitsa. Timagazi pang'ono tosakanikira ndi mkaka kawirikawiri sitimupweteka mwana, ngakhale kuti mungatione akabzikula.

Kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV nkhani ya magazi ndi yosiyana, chifukwa nkhumbu yong'aluka kapena bere lotupa zimawonjezera mpata woti mwana atenge kachilomboka. Mayi wotere apitirize kumwa ma ARV mosadumphitsa, ayamwitse bere labwinobwino lokhalo, afinye n'kutaya mkaka wa bere lovulalalo mpaka litapola, ndipo aonane ndi achipatala msanga, makamaka ngati mabere onse awiri ali ndi mabala.

Mayi aliyense apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati bere latupa, latentha kapena lafiira mbali ina, ngati pabala pakutuluka mafinya, kapena ngati iye akutentha thupi, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi. Ululu wowotcha umene ukupitirira mwana atamaliza kuyamwa, limodzi ndi timawanga toyera tosapukutika m'kamwa mwa mwana, ungafune mankhwala a onse awiri. Ngati mwakonza kagwiridwe ka bere koma bala silikusintha pakatha masiku angapo, kapena mwana sakukodza kokwana kasanu ndi kamodzi patsiku sabata yoyamba itatha, pemphani azamba kapena anamwino kuti akuoneni mukuyamwitsa, ndipo ayang'anenso pansi pa lilime la mwana ngati kamnofu kake sikakuliletsa kutambasuka.