Momwe mungasungire zolembedwa za mu laibulale pa kompyuta popanda kutaya mapepala

Mu Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya pa yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Mu Epulo 2021 zinachitikanso ku Jagger Library ya yunivesite ya Cape Town, komwe kunkasungidwa zolembedwa zosowa zokhudza Africa. Zoterezi zikachitika, anthu amathamangira kunena kuti zonse tiziike pa kompyuta basi. Koma walira mvula walira matope. Mu Okutobala 2023 mbava za pa intaneti zinathyola makina a British Library ku London, ndipo kwa miyezi yambiri owerenga ankavutika kupeza zinthu, chonsecho mabuku ali chikhalire m'mashelefu.

Choncho ngati mukuyang'anira laibulale ya pasukulu, ya pampingo kapena ya m'dera, musavutike ndi funso loti chabwino n'chiti pakati pa pepala ndi kompyuta. Zonse ziwiri zikufunika, ndipo ntchito yake mungaiyambe ndi foni yomwe muli nayoyo.

Yambani ndi kusankha

Apa ndi pomwe ambiri amasochera. Amayamba kujambula mabuku a Fomu 3 omwe akupezeka m'sitolo iliyonse, n'kutopa asanafike pa zofunika. Dzifunseni kuti: chinthu ichi chitapsa lero, tingakachipezenso kwina? Ngati yankho ndi inde, chisiyeni kaye. Zoyamba kujambula ndi zomwe zilipo kope limodzi lokha: kaundula wa ana asukulu wa zaka zakale, mabuku a ubatizo ndi a maukwati, maminitsi a misonkhano, makalata, mapu a malo, zithunzi, timabuku tachinyanja tomwe tinasiya kalekale kusindikizidwa. Pakati pa zimenezi, tsogozani zomwe zayamba kufumbutuka kapena zomwe inki yake ikuzilala.

Lembani mndandanda m'kope wamba. Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala, dzina, chaka ndi malo pomwe chimakhala. Nambalayo ilembeni ndi pensulo pa chikuto, osati bolopeni.

Konzani mapepalawo

Chotsani mapini ndi timawaya tomangira mapepala, chifukwa dzimbiri lake limadya pepala. Fumbi lisaseni ndi kaburashi kofewa. Pepala long'ambika musalimate ndi selotepi. Pakapita zaka guluu wake amasiya banga lachikasu losachoka. Ndipo chonde, chikalata chakale musapite nacho kokamatitsa pulasitiki monga timachitira ndi masatifiketi. Kutentha kwa makina aja kumachiwononga, ndipo mukamata simungamatulenso. Buku lomwe lachita chuku lipatuleni, liume pamthunzi podutsa mphepo, lisayandikane ndi anzake.

Jambulani

Ngati muli ndi scanner (makina ojambulira mapepala n'kuwalowetsa mu kompyuta), itcheni pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi) ndipo mujambule mwamtundu, ngakhale pepalalo likhale la zilembo zakuda zokha, kuti zidindo ndi zolemba za m'mphepete zioneke. Scanner ndi yabwino pa mapepala osamangidwa m'buku. Buku lokhuthala musalikanikize pagalasi, mungalithyole msana.

Kwa ambiri, foni ndiyo ilipo. Yalani nsalu yakuda patebulo pafupi ndi windo, pomwe pali kuwala koma dzuwa silikuomba mwachindunji. Foniyo isakhale m'manja. Igonekeni m'mphepete mwa kathabwa komwe mwakasanjika pa milu iwiri ya mabuku, kamera itayang'ana pansi, kuti tsamba lililonse lijambulidwe pa mtunda umodzimodzi. Zimitsani flash. Wina azitembenuza masamba ndi manja osamba ndi ouma bwino, wina azidina. Jambulani chilichonse, chikuto ndi masamba opanda kanthu omwe, kuti wodzaona m'tsogolo asamakayike kuti pena panadumphidwa. Mukamaliza buku, kuzani zithunzi zingapo muone ngati zilembo zing'onozing'ono zikuwerengeka musanalibweze pa shelefu.

Zithunzizo zisamutseni ndi chingwe kupita pa kompyuta. Mukatumizirana pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, zimafika zitachepetsedwa mphamvu.

Tchulani mafayilo mayina omveka

Fayilo yotchedwa IMG_4471 ili ngati thumba la mbewu lopanda chizindikiro. Gwiritsani ntchito nambala ya m'kope lija, monga 012_kaundula_1974_tsamba003. Buku lililonse likhale ndi foda yake. Zithunzi zoyambirira, kaya ndi mafayilo a mtundu wa TIFF kuchokera pa scanner kapena a JPEG kuchokera pa foni, zisungeni osazikhudza. Kuchokera pa izo pangani PDF yoti anthu aziwerenga, makamaka ya mtundu wa PDF/A womwe unapangidwira kusunga zinthu nthawi yaitali.

Makope atatu, malo osiyana

Akatswiri osunga zolembedwa ali ndi lamulo lomwe amalitcha 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Kwa ife zingakhale chonchi: kope loyamba pa kompyuta ya mu laibulale, lachiwiri pa hard drive yomwe ikusungidwa m'nyumba ina, lachitatu pa intaneti. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, yomwe ndi yokwanira poyambira, ngakhale bandulo yokwezera zithunzizo ikulowani m'thumba. Hard drive yosungidwa mu drowa ya m'chipinda chomwecho sithandiza. Moto kapena madzi onga a namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 zidzatenga zonse pamodzi.

Fulashi musaidalire. Imasowa, imagwira mavairasi m'makompyuta a eni, ndipo imangofa osatsanzika. Akaunti ya pa intaneti itsegulidwe m'dzina la laibulale, ndipo password aidziwe anthu awiri kapena atatu a mu komiti. Zimachitika kuti mphunzitsi yemwe ankadziwa zonse wasamutsidwa, ndipo ntchito yonse yapita naye.

Pepala libwerere pamalo abwino

Mukajambula musataye choyambiriracho. Pepala losungidwa pouma limakhala zaka mazana, silifuna magetsi, ndipo pa mlandu wa malo anthu amafuna kuona chikalata chenichenicho. Ikani m'mafoda ndi m'makatoni oyera, pa shelefu yotalikirana ndi pansi komanso yosagunda khoma, poti chiswe chimakwera ndi khoma. Yang'anani denga mvula isanayambe. Zakudya zisalowe m'chipindamo, zimaitana makoswe ndi mphemvu.

Mafayilo nawo amafuna kuwayendera. Amene anasunga zinthu pa madisiketi aja lero akusowa kompyuta yowatsegulira. Kamodzi pachaka lumikizani hard drive, tsegulani mafayilo angapo, ndipo pakatha zaka zinayi kapena zisanu koperani zonse pa yatsopano.

Musanaike chilichonse poti aliyense aone, kumbukirani kuti buku la mlembi wina lili ndi mwini wake, ndipo za ukumwini wa zolemba mungafunse ku COSOMA, bungwe loona za ukumwini wa zaluso m'Malawi. Kaundula wokhala ndi mayina a anthu, masiku obadwa ndi za m'mabanja mwawo akhale wotsekedwa, azionedwa ndi okhawo omwe komiti yawaloleza. Mukapeza zolembedwa zakale kwambiri zomwe zikukukanikani kusamala, lankhulani ndi a National Archives, ofesi ya boma yosunga zolembedwa zakale ku Zomba, musanazigwiregwire.