Mmene mungapezere wotchinga amene amabwezanso ma kickoff ndi ma punt mu fantasy football

Mu ligi ya fantasy ya NFL (mpira wa ku America, momwe mumasankha osewera enieni n'kupeza mapointi malinga ndi zimene achita m'bwalo) yosankha osewera a difensi mmodzimmodzi, imene anthu amangoitchula kuti IDP, malo a DB, kutanthauza otchinga a kumbuyo (ma cornerback ndi ma safety), ndi amene ambiri amadzaza kumapeto kwa draft, nthawi yosankha osewera, maganizo ali kale kwina. Palibe chodabwitsa. Ma cornerback ochuluka amabweretsa mapointi ofanana sabata ndi sabata, ndipo amene waikidwa pa nambala 15 sasiyana kwenikweni ndi wa pa nambala 40. Komabe pali kagulu kochepa ka osewera amene amadya pawiri: akatchinga pa difensi, amabwereranso m'bwalo kukawakha mpira wa kickoff (womenyedwa poyamba masewero kapena timu ikagoletsa) kapena wa punt (umene timu imamenyera adani ikalephera kupita patsogolo) n'kuthamanga nawo. Ngati ligi yanu imawerengera mayadi amenewo, munthu wotere amaposa anzake a pa malo omwewo popanda kuchita chozizwitsa chilichonse.

Musanayambe kusaka mayina, tsegulani malamulo a mapointi

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Muyankhe mafunso atatu. Kodi mayadi obweza mpira amawerengedwa n'komwe? Ngati amawerengedwa, amapita kwa wosewera payekha kapena ku D/ST, kutanthauza difensi ya timu yonse yosankhidwa ngati wosewera mmodzi? Nanga pointi imodzi imafuna mayadi angati?

Samalani ndi mzere wonena za mayadi amene wosewera wathamanga atalanda mpira pa interception (kuwakha pass ya adani) kapena pa fumble (mpira wopulumuka m'manja). Dzina lake limafanana ndi la mayadi a kickoff ndi punt, koma ndi chinthu china, ndipo ligi ikhoza kuyatsa chimodzi n'kusiya chinzake. Njira yosanama ndi kuyesa ndi manja. Tengani wosewera amene mukudziwa kuti amabweza, monga Marcus Jones wa New England Patriots, tsegulani sabata imodzi ya sizoni yatha imene anabweza ma punt angapo, muwerengere nokha mapointi a ma tackle ake (kugwetsa wogwira mpira), kenako mufanizire ndi amene ligi inamupatsa. Pakatsala mapointi opanda chifukwa china, ndiye kuti mayadi aja akulowa. Zikafanana ndendende, funsani woyendetsa ligi draft isanachitike, osati mu sabata yachitatu mutataya kale mwayi wosankha wina.

Ngati ligi imangopereka mapointi 6 a touchdown ya kubweza (kufikitsa mpira ku end zone, dera la chigoli la adani) koma osawerengera mayadi, nkhani yonseyi isiyeni. Patrick Peterson anabweza ma punt anayi mpaka ku end zone mu 2011, chaka chake choyamba ku Arizona Cardinals, ndipo palibe amene anapitirirapo nambala imeneyi pa sizoni imodzi. Obweza ambiri amamaliza chaka ndi imodzi, kapena opanda. Simungamange timu pa chinthu chochitika kamodzi pa masewero 17.

Masamu ake

Tiyerekeze ligi yopereka pointi 1 pa tackle ya yekha, theka pa tackle yothandizana, ndi pointi 1 akatchinga pass. Cornerback amene wagwetsa anthu anayi yekha, mmodzi mothandizana, n'kutchinga pass imodzi, wapeza 5.5. Tsopano muonjezereni ma kickoff atatu a mayadi 25 iliyonse, onse pamodzi 75. Pa mulingo wa pointi imodzi pa mayadi 25, waonjeza 3. Pa mulingo wa pointi imodzi pa mayadi 10, waonjeza 7.5, kuposa zonse anavutikira pa difensi tsiku lonse. Keisean Nixon wa Green Bay Packers anasonkhanitsa mayadi 1,009 a kickoff mu 2022. Amenewo ndi mapointi 40 pa mulingo woyamba, 100 pa wachiwiri.

Punt ndi nkhani ina. Kubweza kumodzi kumapereka mayadi pafupifupi 10, ndipo ma punt ambiri sabwezedwa: wowakha amakweza dzanja kupempha fair catch (kuwakha osathamanga nawo), mpira umatuluka kunja, kapena umagubuduka mpaka adani kuuimitsa. Jones anatsogola NFL yonse pa mayadi a punt mu 2022 ndi 362 okha, amene pa mulingo wa mayadi 25 sakwana mapointi 15 chaka chonse. Anthu amakumbukira ya mayadi 84 ija imene anagonjetsera New York Jets m'masekondi otsiriza, chigoli n'kutha 10 kwa 3, koma m'masabata ena ambiri ma punt ankangomuonjezera kapointi kamodzi kapena kuchepera. Choncho pa mayadi, wa kickoff ndiye wolemera. Wa punt ndi wa mwayi wa touchdown. Amene amagwira zonse ziwiri ndiye wofunika kumulondalonda.

Ziwerengero zakale za kickoff muziwerenge mosamala, chifukwa lamulo linasintha. Mu 2023 ma kickoff osakwana kotala ndi amene ankabwezedwa. Ambiri mwa otsalawo ankathera mu end zone. Mu 2024 NFL inabweretsa kachitidwe katsopano: womenya amamenyera pa mzere wa 35 wa kwawo, anzake amandanda pa mzere wa 40 wa timu yolandira ndipo sasuntha kufikira mpira utagunda pansi kapena kukhudza wosewera, ndipo mpira ukagwera pakati pa mzere wa chigoli ndi mzere wa 20 uyenera kubwezedwa. Fair catch palibenso. Chaka chimenecho obwezedwa anafika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mu 2025 touchback, malo amene timu yolandira imayambira mpira ukathera mu end zone osabwezedwa, inasunthidwa kuchoka pa mzere wa 30 kufika pa 35, matimu anaona kuti kumenyera mu end zone n'kupatsa adani bwalo laulere, ndipo obwezedwa anadumpha kupitirira 70 peresenti. Wobweza amene mu 2023 ankagwira mpira kamodzi pa masewero lero akhoza kuugwira katatu. Chotsitsa chake n'chakuti matimu ambiri amaimika obweza awiri kumbuyo, ndipo womenya amalunjika kwa amene samuopa. Musangoona dzina pa mndandanda wa KR, obweza ma kickoff. Onani kuti mwa awiriwo, mpira ukugwera kwa yani.

Kuphatikiza mindandanda iwiri

Ntchito yeniyeni ndi yosavuta, imangofuna kudekha. Mndandanda woyamba ndi wa onse amene anabweza mpira, umene mungaupeze pa Pro Football Reference kapena pa tsamba la NFL. Usanjeni potengera kuchuluka kwa maulendo obweza, osati avereji ya mayadi, chifukwa avereji imakometsedwa ndi ulendo umodzi wautali. Chotsani ma WR (olandira ma pass) ndi ma RB (othamanga ndi mpira) onse, popeza si a difensi. Mudzatsala ndi mayina ochepa kwambiri a ma CB (ma cornerback) ndi ma safety. Ma linebacker ndi a mzere wakutsogolo musawayembekezere pano.

Mndandanda wachiwiri ndi wa ma snap, kutanthauza kuchuluka kwa maulendo amene wosewera anali m'bwalo pamene difensi ikusewera. Umapezeka mu gamebook imene NFL imatulutsa masewero akatha, komanso pa tsamba la timu iliyonse pa Pro Football Reference. Dzina lililonse lotsala pa mndandanda woyamba liyeseni apa. Amene akusewera ma snap 65 kapena 70 pa 100 alionse a difensi ndiye wanu. Amene ali pansi pa 30 ndi wobweza chabe amene wavala dzina la cornerback.

Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Devin Hester analowa mu NFL mu 2006 ku Chicago Bears akulembedwa ngati cornerback, koma pa difensi ankangoonekera apo ndi apo. Wosewera wotere alibe poyambira: tsiku limene adani amenya mipira yonse kunja kapena kwa mnzake, amakubweretserani ziro. Amagwira ntchito mu ligi ya pointi pa mayadi 10 yokha, ndipo ngakhale pamenepo ndi njuga. Komanso matimu amakonda kuwasamutsa anthu otere. Hester anapita ku WR, Jamal Agnew wa Detroit Lions anachoka pa CB kupita ku WR mu 2020, Avery Williams wa Atlanta Falcons anasanduka RB mu 2022. Timu ikangosintha, pulogalamu yanu ya fantasy ikhoza kumuchotsera chilolezo cha DB. Mu ligi ya dynasty, momwe mumasunga osewera zaka zambiri, ichi n'chowawa.

Malo amene mindandanda iwiriyi imakumana kawirikawiri ndi a nickel, cornerback wachitatu amene amasewera mkati, pafupi ndi mzere. Zifukwa zake zilipo zitatu ndipo zimagwirizana. Matimu a masiku ano amasewera ndi ma DB asanu nthawi yambiri, choncho nickel amapeza ma snap okwanira. Poti ali pafupi ndi pamene mpira ukuyambira, amagwetsa othamanga ndi mpira ndi olandira ma pass afupi, ndiye ma tackle ake amachuluka kuposa a cornerback wakunja amene quarterback, woponya ma pass wa adani, akumuzemba. Ndipo kochi sachita naye mantha ngati mmene amachitira ndi cornerback wake wamkulu wa malipiro okwera. Thupi lake nalonso ndi lomwelo la wobweza: wamfupi, wopepuka miyendo, wokhota msanga. Desmond King mu 2018 ku Los Angeles Chargers, Nixon mu 2023, Cooper DeJean wa Philadelphia Eagles mu 2024, onse anali a mkati pamene ankabwezanso mpira.

Mwezi wa August

Depth chart, mndandanda woonetsa woyamba ndi wachiwiri pa malo aliwonse, imene timu imatulutsa masewero okonzekera asanayambe siyodalirika. Nthawi zambiri imangoika akale pamwamba. Ya pa Ourlads imathandiza kuona matimu onse 32 pamodzi, koma nayonso imatsatira zimene zalengezedwa. Chodalirika ndi maso anu. Pa masewero okonzekera amene osewera oyamba alowa, onani amene waima kumbuyo pa punt yoyamba ndi kickoff yoyamba. Za mu kotala yachinayi zisakusokonezeni, amenewo ndi anyamata olimbirana malo. Mvetseraninso zimene kochi wa special teams, gulu losewera pa ma kickoff ndi ma punt, akuuza atolankhani, chifukwa iye ndi amene amatchula mayina.

Kenako dikirani tsiku limene matimu amadula osewera kufika pa 53, kumapeto kwa mweziwo. Timu ikasunga WR wachisanu ndi chimodzi amene sadziwika ndi china koma kubweza, cornerback wanu ntchito ija yamupita. Ikamuchotsa, ndiye kuti yasankha kugwiritsa ntchito munthu amene ali kale pa difensi. Kwa ongolowa kumene, onani mbiri ya ku koleji: Jones anachoka ku yunivesite ya Houston atabweza kale mipira 9 mpaka ku end zone pa zaka zake za ku koleji, choncho zimene anachita mu 2022 sizinali zogwa kumwamba.

Chimene chimalakwika

Ntchito yobweza sikhalitsa m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo chodabwitsa n'chakuti kuchita bwino pa difensi ndiko kumaichotsa. Wosewera akakwera kukhala cornerback woyamba, timu imayamba kumusunga. Nixon mwiniwake, sizoni ya 2024 itatha, anauza atolankhani kuti sakufunanso zobweza ma kickoff popeza akudziona ngati cornerback wamkulu wa timu. Makochi ali ndi chifukwa choopera. Jabrill Peppers anaduka mtsempha wa ACL akubweza punt ku New York Giants mu 2021, ndipo chaka chotsatira Adoree' Jackson wa timu yomweyo anavulala bondo pa punt, n'kukhala kunja mpaka ma playoff. Inu mukamusankha wotere mukugulanso chiopsezo chimenecho, ndiye pa benchi pakhale DB wina wa ma tackle okhaokha.

Kugwetsa mpira nako kumachotsetsa ntchito msanga. Punt imodzi ikapulumuka m'manja adani n'kuitola, sabata yotsatira mukhoza kuona munthu wina kumbuyo. Onaninso ngati ligi yanu imadula mapointi pa fumble yotayika kwa osewera a difensi. Matimu ena amagawa ntchito: wa manja odalirika amaima pamene punt ikugwera pafupi ndi chigoli chawo, wothamanga amalowa pamene pali bwalo. Wa manja odalirikayo amangokweza dzanja, mayadi palibe.

Mtengo wake pa draft, ndi kusaka kwa mkati mwa sizoni

Mindandanda yambiri ya IDP imene imafalitsidwa siwerengera mayadi obweza, choncho osewera amenewa amatsalira mpaka kumapeto. Musawathamangire. Safety wosewera pafupi ndi mzere, wogwetsa anthu 100 pa chaka, amakhalabe patsogolo pa mulingo wa mayadi 25. Wobwezayo mutengeni ngati DB wachiwiri, kapena pa malo a CB ngati ligi imakakamiza kuikapo cornerback weniweni. Pamenepo ndi pamene phindu lake limaoneka kwambiri. Pa mulingo wa mayadi 10 mukhoza kumukweza ma round awiri kapena atatu.

Ambiri amapezeka sizoni ili mkati. Nixon sanayambe 2022 ali wobweza wamkulu wa Packers; ntchitoyo anaitenga masabata atapita, ndipo DeJean anayamba kuwakha ma punt Britain Covey atavulala. Lachiwiri lililonse, musanatumize zopempha za waiver (zotenga osewera amene palibe wawasankha mu ligi yanu), bwerezani mindandanda iwiri ija pa sabata imene yangotha. Lachitatu mpaka Lachisanu tsatirani malipoti a ovulala, makamaka a ma WR ndi ma RB amene amabweza, n'kudzifunsa kuti wachiwiri wawo ndani. Mayina a amene sasewera amatuluka mphindi 90 masewero asanayambe.

Posankha pakati pa awiri ofanana pa sabata, onani adani awo. Timu yogoletsa kwambiri imamenya ma kickoff ambiri, ndiye wobweza kickoff wa difensi yofooka amapindula kawiri, pa ma tackle ndi pa mayadi, ngakhale timu yake ikugonja. Wobweza punt amafuna zosiyana: adani olephera kusuntha mpira, amene punter wawo amenye kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri, makamaka akumenyera kuchokera mkati mwa dera lawo, kumene amamenya patali ndipo omuthamangira amafika mochedwa.