Kaphikidwe ka futali wa mbatata

Mwafunsa za chakudya cham'mawa chosalira mafuta kapena shuga. Phikani futali.

1. Sendani mbatata zinayi zokulirapo, muziduledule n'kutsuka. Zofiira mkati zija zimatsekemera bwino, kungoti sizichedwa kuphwanyika.

2. Ikani mumphika, thirani kamchere ndi madzi pang'ono, osamiza mbatatayo ayi. Vundikirani, ziwire mphindi 15.

3. Zikayamba kufewa, sungunulani kapu imodzi ya nsinjiro m'timadzi n'kuthira pamwamba. Ambiri amalakwitsa apa, amatakasa ndi mthiko mpaka futali kusanduka phala. Inu muzingogwedeza mphikawo, moto ukhale wochepa, chifukwa nsinjiro sichedwa kupserera pansi. Nsinjiro yosinja nokha mumtondo ndiye imanunkhira kuposa yogula.

4. Pakatha mphindi 10, msuzi ukalimba, phulani. Gawirani ana akadali wotentha, ndi tiyi pambali.