Momwe mungakonzekere msonkho wa pachaka osagwa m'manja mwa madobadoba

Anzathu a pa ntchito msonkho wawo amawadula abwana mwezi ukatha. Ife a tigeni ndi nyumba za lendi timadziwerengera tokha n'kukauza a MRA, bungwe lotolera misonkho, zomwe tapeza. Ine ndimapikula mbatata ya kachewere ku Bembeke ndi ku Lizulu n'kumaperekera kusukulu ina yogonera komweko kuno ku Dedza, ndiye nkhaniyi ndimakumana nayo chaka ndi chaka.

Poyamba khalani ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho. Tengani chiphaso cha unzika mupite ku ofesi ya MRA, kapena lembetsani pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti. Nambalayi ndi yaulere, ndipo wina akakutchulirani mtengo wake dziwani kuti wayamba kale kukuberani.

Kenako masiku. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo fomu ya pachaka iyenera kufika pasanathe masiku 180 mutatseka mabuku anu. Amene timatseka mu Malichi tisadikire sabata yomaliza ya Seputembala. Palinso msonkho wopereka pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse, umene amati provisional tax. Zomwe mwapereka chaka chonse zifike 90 peresenti ya msonkho wanu weniweni, apo ayi pali chindapusa.

Tsopano mapepala. Kope limodzi lachikuto cholimba likwanira: uku zogula, uko zogulitsa, ndi ndalama za matola. Malisiti otuluka pa makina aja amafufutika akakhala m'chikwama miyezi iwiri, choncho ajambuleni ndi foni tsiku lomwelo. Ngati mulinso pa ntchito, pemphani kwa abwana P9, fomu yosonyeza malipiro anu ndi msonkho umene anakudulani. Malo ngati sukulu akamakulipirani amadulako msonkho umene amati withholding tax, ndiye muziumirira kuti akupatseni satifiketi yake nthawi yomweyo, chifukwa ndi imene imachepetsa ndalama yomwe mudzapereke pomaliza. Gawo losadulidwa msonkho limasinthasintha ndi bajeti: mu 2020 linafika K100,000 pa mwezi, mu 2024 K150,000, choncho funsani la chaka chimene mukulembacho.

Pomwe ine ndinapsa ndi apa. Chaka china ndinachedwa, netiweki ikuvuta, masiku atatsala atatu. Ndinalowa m'kashopu kojambulitsira mapepala pa boma pomwepa, ndipo ndikudandaula kwa mtsikana wa pa kompyuta, mnyamata wina wa jekete lakuda, kachiphaso kali lende pakhosi, anandiyandikira. "Mayi, musavutike ndi mzere wa ku banki. Ine ntchito yanga ndi yomweyi. Ndipatseni pasiwedi ndi ndalamayo, pofika 3 koloko lisiti mulandira." Amatchula mayina a mafomu mosadodoma, moti sindinakayike. Ndinamasula chikwama n'kumuwerengera K140,000 ya msonkho, kuwonjezapo K10,000 ya thukuta lake. Lisiti anabweretsadi, la chidindo chabuluu, inki isanaume bwino.

Patatha miyezi isanu sukulu ija inafuna kalata yosonyeza kuti ndilibe ngongole ya msonkho tisanasainirane mgwirizano watsopano. Ku ofesi anatsegula akaunti yanga n'kunditembenuzira kompyuta kuti ndidzionere ndekha: palibe ngakhale tambala yomwe inalowa. Nambala ya pa lisiti ija sinali paliponse m'makina awo. Foni ya mnyamata uja inali itasiya kale kugwira. Ndinaperekanso ndalama yonse, pamwamba pake chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndipo temu imeneyo mbatata anaperekera wina. Mpamba wa miyezi iwiri unathera pamenepo, ndipo mpaka lero ndikadutsa pakashopu paja mtima umandiwawa.

Abale anga, ndalama ya msonkho siperekedwa m'manja mwa munthu, ndiponso situmizidwa ku nambala ya foni ya munthu, kaya wavala bwanji. Pasiwedi yanu isachoke pakamwa panu. Enanso masiku ano amaimba foni n'kumati munapereka msonkho wopyola, ndiye mutchule PIN ya Mpamba kapena Airtel Money kuti akubwezereni, kapena amaopseza kuti atseka shopu mukapanda kutumiza kenakake lero lomwe. Dulani foniyo, mukafunse nokha ku ofesi. Ngati mukufunadi wokuthandizani kuwerengera, pezani wa maakaunti wokhala ndi ofesi yodziwika, mumulipire za ntchito yake yokha, koma ku banki mupite ndi miyendo yanu.

Zotsalazo n'zachidule. Lowani pa Msonkho Online, sankhani fomu ya chakacho, lembani zolowa ndi zotuluka, ikani masatifiketi aja, tumizani. Makina akupatsani nambala yolipirira, PRN, yomwe mupite nayo ku banki m'mawa mzere usanatalike. Pakatha masiku awiri lowaninso muone ngati ndalamayo yaoneka pa akaunti yanu, kenako kapepala ka ku banki kajambuleni n'kukaika m'kope lija.